Mapu a 3D: otembenuza ndi zala kapena ongoima?

Funso: Ndimaperekera katundu pa njinga yamoto m'tauni muno mu Joni. Mnzanga akuti mapu a 3D a pafoni, omwe munthu amawapendeketsa n'kuwatembenuza, ndiwo abwino. Koma ine ndikawayatsa ndimangosokonezeka, pomwe chithunzi chongoima ndimachimva msanga. Kodi vuto ndi ine? Wowerenga wa ku Rosettenville

Yankho: Ayi achimwene, vuto si inu. Mapu awiriwa ali ndi ntchito zosiyana.

Chithunzi chongoima cha 3D chimanama m'njira ziwiri. Nyumba yaitali imabisa zonse za kuseri kwake. Carlton Centre ndi yotalika mamita 223, nsanjika 50, ndiye ikajambulidwa cham'mbali, misewu ya kuseri kwake siioneka n'komwe. Komanso zakutali zimaoneka zopanikizana, moti mtunda wa kumtunda kwa chithunzi mumauyesa waufupi pomwe ndi wautali.

Mapu otembenuza amathetsa zimenezi. Pa Google Maps, ikani zala ziwiri pa sikirini n'kukankhira m'mwamba, mapu apendekeka. Potozani zala ziwirizo, atembenuka. Mukafuna kudziwa mbali ya nyumba yomwe yayang'ana msewu, kapena kutsetsereka kwa zitunda za ku Yeoville ndi Kensington (pamenepa Google Earth ndiye yabwino), simulakwitsa kawirikawiri. Koma zimadya nthawi, ndipo mukatembenuza kawiri katatu, kumpoto kumakusowani. N'kumene kukuchokera kusokonezeka kwanuko. Dinani kachizindikiro ka kampasi, mapu abwerera kumpoto kuli m'mwamba. Dzuwa nalonso limathandiza: kuno ku Johannesburg, masana limakhala chakumpoto chaka chonse.

Pali china chomwe anthu amanamizira 3D chosalakwa. Pakati pa nyumba zazitali ngati za mu Commissioner Street kapena ku Hillbrow, mafunde a GPS amayamba agunda makoma asanafike pafoni, ndiye kadontho ka buluu kosonyeza pomwe muli kamadumphira mumsewu wina. Ngati ndi muvi wake womwe ukuloza kolakwika, yendetsani foni m'malere ngati mukulemba 8, katatu kapena kanayi.

Ndiye chitani chonchi. Musananyamuke, muli pa wifi, tembenuzani mapuwo mpaka muone bwino komwe mukupita, sankhani chizindikiro chimodzi chooneka patali, kaya Ponte City kaya Hillbrow Tower, kenako jambulani sikirini. Mukakwera njinga, bwererani ku mapu afulati (osapendeketsa) ndipo muzimvera mawu. Misewu yambiri ya m'katikati mwa tauni ndi yolowera mbali imodzi, ndipo timivi tosonyeza zimenezi timaoneka bwino mapu akakhala afulati. Kuima pakona pafupi ndi Park Station n'kumaseweretsa zala pafoni, mukudziwa nokha mmene zimathera.

Samalaninso ndi mayina. Kasitomala akati Bree, pamapu fufuzani Lilian Ngoyi Street, lomwe ndi dzina latsopano la msewuwo.