Sampler yotchipa ilipo, koma ya kaunjika muiyese pa magetsi musanalipire

Achimwene, sampler (kamakina kosunga mawu ojambulidwa n'kumawaliza mukadina batani) yotsika mtengo yoti muzikaimbira pa ukwati ndi ku club ilipo ndithu, koma mukaipeza ya kaunjika musatulutse ndalama musanaione ikuyaka pa soketi ndi adaputala yake yomwe. Pa mabatire pokha ayi. Ndangowerenga funso lanu lofuna sampler yotchipa m'gulu muno, mtima wayambanso kuwawa.

Ine ndinagula Roland SP-404SX kwa mkulu wina amene amaoda katundu ku Joni n'kumagulitsa pa WhatsApp. Dzina sinditchula, ena mwa inu muno mukumudziwa, mwina ali m'gulu lomwe lino akuwerenga. Tsiku logula anandiyesera pa mabatire, ma pad (mabatani odina kuti mawu alire) onse 12 akulira bwinobwino, ma effect akugwira, memory card ilimo. Adaputala akuti yatsalira m'katoni ina, abweretsa mawa. Mawa lakelo linatenga sabata yonse. Ine ndinali ndi ukwati Loweruka, ndiye sabata imeneyo ndinkangogwiritsa ntchito mabatire kulowetsamo zinthu: ma drop (timawu tachidule) a dzina langa, airhorn, siren, nthungululu zoti ndiziponya nthawi ya perekaniperekani, ndi mawu a achimwene ake a mkwatibwi. Achimwenewo ali ku Cape Town, mapepala awo sanalongosoke ndiye sakanatha kubwera, anatumiza voice note yodalitsa mlongo wawo. Ndinaisintha kukhala fayilo ya mawu ya WAV, ndinadula phokoso la magalimoto kumayambiriro, n'kuiika pa pad yakeyake. Mkwatibwi sankadziwa kanthu. Ankhoswe okha ndi MC ndi amene ankadziwa kuti mawuwo alira akamadula keke.

Loweruka m'mawa mkulu uja anatuma mnyamata wa kabaza kundibweretsera adaputala mu jumbo. Yakuda, pepala lake lofufutika, mutu wake ukulowa bwinobwino pa makina. Ku holo magetsi kunalibe, tinali pa jenereta kuyambira masana. Perekaniperekani anatalika monga mwa nthawi zonse, a kuchimuna, a kuchikazi, a kumpingo, anzawo a kuntchito, aliyense akufuna nyimbo yake, ndipo makina anayamba kuonetsa kuti mabatire akutha. Ndiye ndinalumikiza adaputala ija. Kunangomveka kaphokoso kakang'ono m'masipika, kenako fungo la pulasitiki yopsa, magetsi onse a pa ma pad zii. Ndinazula msanga, kuikamo mabatire atsopano amene ndinabwereka m'ma mayiki opanda zingwe, osayaka. Apo n'kuti keke ali kutsogolo, mpeni uli m'manja mwa akwati, MC walengeza kale kuti pali uthenga wapadera wochokera kutali, holo yonse yakhala chete ikuyang'ana kwa DJ. Ankhoswe akundikodola ndi maso. Thukuta linayenda mpaka m'masokosi. Chimene ndinachita ndi kutenga foni, kufufuza voice note ija pa WhatsApp n'kuigunditsa pa mayiki ya MC. Masipika anayamba kulira mluzu uja wolasa m'makutu, mawu osamveka, agogo ena kutsogolo akufunsa mokweza kuti akulankhulayo ndani, ndiye pakati pa uthengawo foni inaitana, ringtone yanga holo yonse kumva. Anthu anaseka. Mkwatibwi analira, koma sikunali kulira kumene tinakonza. Ndalama yotsala ya ntchitoyo a komiti anaidula pakati, ndipo sindinatsutse.

Lolemba ndimuimbira mkulu uja, akuti ndi jenereta yaotcha. Jenereta yake iti? Laputopu, mikisa ndi amplifaya zinali pa extension yomweyo, palibe chinapsa. Ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi kumsika, anayeza adaputala ija ndi mita: 12V, ndiponso positive ili pakati. Inali ya decoder kapena router, anangotola yoti mutu ulowe. SP-404SX imafuna 9V ndipo negative ndiyo imakhala pakati, ngati ma pedal a gitala a Boss. Ndinamutumizira chithunzi cha mita, anawerenga, ma tick awiri a buluu, osayankha. Kenako anandibloka. Munthu woti ndalama ndinamupatsa yonse nthawi imodzi osanenerera n'komwe, kundidyera masuku pamutu chonchi. Mpaka lero amaika ma status a katundu watsopano wafika, anzanga amandionetsa. Anthu oterewa sadziwa chimene akugulitsa, kwa iwo sampler ndi sipika ya Bluetooth ndi chimodzimodzi, bola yayaka.

Ndiye ine ndikanati zogula kwa anthu a pa WhatsApp zisiyeni, sungani ndalama mugule yatsopano m'katoni mwake. SP-404MKII inatuluka 2021 pa mtengo wa madola pafupifupi 500, ili ndi ma pad 16, memory ya mkati 16GB, ndipo imayaka ndi USB-C, kutanthauza kuti power bank yabwino ikhoza kukupulumutsani magetsi akathima. Koma tinene zoona, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 500 kuphatikizapo kutumiza ndi msonkho wa MRA ndi ndalama ya maukwati angati? Mwati yotchipa, ndiye tiyeni titsike.

Ngati chimene mukufuna ndi kungodina kuti drop ilire, airhorn, siren, dzina lanu, Akai MPX8 ikukwanirani. Ma pad 8, mumaika ma WAV anu pa SD card, mtengo wake unkakhala cha m'ma madola 100. Vuto lake memory ndi yochepa, 30MB, ndipo imatenga nthawi kulowetsa kit (gulu la mawu a pa ma pad onse) yatsopano, ndiye musamasinthe kit pakati pa nyimbo. Siijambula yokha, yojambula ndi mkulu wake MPX16. Korg Volca Sample anthu amaikonda chifukwa ndi yaing'ono ndipo imayenda pa mabatire, koma imeneyo ndi yopangira ma beat, ilibe ma pad oti muzimenya, ya mtundu woyamba imasunga masekondi 65 okha, uthenga ngati wa ku Cape Town uja ukanadzaza yonse. PO-33 ya Teenage Engineering masekondi 40, kabolodi kopanda chikuto, pa fumbi la mwezi wa Okutobala ndi mowa wotayikira pa tebulo la DJ sikangakhalitse. EP-133 K.O. II ya kampani yomweyo, inatuluka 2023 pa madola 299, imeneyo ndi yabwinoko, 64MB imene inatuluka nayo ndi yokwanira ma drop ambirimbiri, koma zotulutsira mawu zake ndi kajeki kakang'ono ngati ka mahedifoni, munthu woledzera akangokoka chingwe basi. DJS-1000 ya Pioneer musaiyang'ane n'komwe, ndi ya anthu okhala kale ndi ma CDJ, zoimbira zodula za m'ma club.

Koma mukandifunsa ine chimene ndingagule ndi ndalama yochepa, ndi SP-404SX yomweyo ya kaunjika. Wokonza mawailesi uja anasinthamo kachipangizo kamodzi kamene kanapsa pafupi ndi polowera magetsi, inayakanso, ndipo ndi imene ndikuimbira mpaka pano. Makinawa anatuluka 2009 koma ndi olimba ngati mtondo, ma bank (magulu) 10 a ma pad 12, ndiye ma sample 120 ali pansi pa zala zanu, amawerenga molunjika kuchokera pa card popanda kudikira, kumbuyo imalowa zingwe za RCA zomwe tonse tili nazo m'zikwama, mabatire 6 a AA. Yatsopano simuipeza m'sitolo, ndiye mufune musafune mukaigula kwa anthu omwe aja a ku Joni. Pitani nayo pa soketi, werengani zolembedwa pa adaputala, onani kachizindikiro ka plus ndi minus kafanane ndi kamene kali pa makina. Ngati pepala lafufutika ikaneni. Dinani pad iliyonse kangapo, zungulizani ma knob atatu aja mumve ngati sakukanda. Gulani mabatire ochajidwa ma seti awiri. Kunena zoona ine adaputala sindiikhulupiriranso, ngakhale yeniyeni ndinaipeza, pa ntchito ndimayendera mabatire.

Ma loop, mawu obwerezabwereza aja, musawadalire kwambiri pa SP-404SX. Mukaika log drum ya amapiano pamwamba pa nyimbo imene ikusewera pa laputopu, palibe chozigwirizanitsa, pakapita kanthawi zimayamba kusemphana ndipo ovina amamva. Pa ma one-shot, mawu olira kamodzi basi, ndiye ilibe vuto.

China chimene anthu amaiwala, sampler imafuna polowera pake. Ma controller a DJ a DDJ-400 ndi DDJ-FLX4 ali ndi polowetsa mayiki pokha, line in palibe, ndiye mawu a sampler nthawi zambiri amapita pa channel ina pa mikisa yaikulu ya PA, ndipo kumeneko mwini zoimbira akhoza kukuuzani kuti ma channel adzaza ndi ma mayiki a kwaya. Komanso ma controller amenewo ali kale ndi sampler pa ma pad ake mu pulogalamu ya rekordbox, yaulere, mwina simukufunika kugula kanthu. Ine ndinagula yapadera chifukwa laputopu ikangoima osagwira ntchito ndimafuna kanthu kolira kuti holo isakhale chete ndikuiyatsanso. Tiuzeni controller ndi mikisa imene muli nayo, tione ngati pali poilowetsa musanatumize ndalama kwa munthu.