Kodi AC Milan ndi Inter amakhalirana bwanji pabwalo limodzi?

Mmodzi mwa inu owerenga wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso atatu omangirirana. Akuti wakhala akuonera ligi ya ku Italy ndipo akudabwa kuti AC Milan ndi Inter, matimu osamwerana madzi, amasewerera pabwalo limodzi. Ndiye akufunsa kuti: zimatheka bwanji, akakumana okhaokha mwini khomo amakhala ndani, nanga ndi chuma chonse chomwe ali nacho, akulekeranji kumanga aliyense lake?

Achimwene kapena achemwali, zikomo polemba. Maganizo anga ndi akuti udani wa masapota suletsa matimu kugawana bwalo. Chimene chimasokoneza zinthu ndi umwini wa bwalolo. Matimu awiri akakhala onse alendi a munthu wachitatu, amatha kupirirana zaka zambirimbiri. Koma ina ikangokhala landilodi wa inzake, ubalewo sukhalitsa.

Tiyambe ndi ku Milan komweko. San Siro poyamba silinali bwalo la onse. Analimangitsa ndi Piero Pirelli, yemwe anali mtsogoleri wa AC Milan, ndipo linatsegulidwa mu 1926. Pamasewero otsegulira anaitana Inter, imene inachokera mu AC Milan momwemo mu 1908 atasemphana pa nkhani yolemba osewera akunja. Alendowo sanachite manyazi, anathibula eni khomo zigoli 6 kwa 3. Mu 1935 khonsolo ya mzinda wa Milan inagula bwaloli, ndipo Inter inadzasamukirapo mu 1947. Taonani ndondomeko ya zakazi: Inter inalowa pamene bwalo linali litachoka kale m'manja mwa mdani wake. Kuyambira pamenepo matimu onse awiri ankapereka lendi ku khonsolo, ndipo panalibe woloza mnzake chala kuti pano ndi panga. Ngakhale dzina limene bwaloli linapatsidwa mu 1980, Giuseppe Meazza, ndi la katswiri amene anavalapo yunifolomu ya matimu onse awiri, ngakhale kuti mbiri yake yeniyeni anaipanga ku Inter. N'chifukwa chake masapota ambiri a Milan amangoti San Siro basi.

Kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku n'kosavuta kwenikweni. Okonza ndandanda ya ligi amaonetsetsa kuti ina ikakhala pakhomo, inzake ikhale koyenda. Ku Rome, kumene Roma ndi Lazio zakhala pa Stadio Olimpico kuyambira 1953, amachitanso chimodzimodzi, ndiponso ku Genoa kumene Genoa ndi Sampdoria zimagawana bwalo la Luigi Ferraris. Amene amavutika ndi kapinga, popeza sapuma sabata ndi imodzi yomwe. Ku San Siro vutoli linakula atawonjezera chigawo chachitatu cha mipando ndi denga pokonzekera World Cup ya 1990. Dzuwa ndi mphepo zinasiya kufika bwino pansi, udzu n'kumangofa, iwo n'kumangoyala wina, mpaka anadzaika wosakaniza ndi ulusi wapulasitiki.

Tsiku la derby, pamene matimu awiriwa akumana okhaokha, mwini khomo ndi amene ndandanda yamutchula. Iyeyo ndiye amagulitsa matikiti, ndalama zapakhomo n'zake, ndipo masapota ake amadzaza mbali yaikulu ya bwalo. Winayo amapatsidwa gawo lochepa ngati mlendo aliyense, kungoti masapota ake ouma mtima amakhalabe kumene anazolowera, a Inter ku mbali ya bwalo yotchedwa Curva Nord, a Milan ku Curva Sud. Chigawo chachiwiri cha ligi zinthu zimatembenuka.

Mwina mukuganiza kuti zimenezi n'zapapepala chabe. Funsani a Inter za 2003. Matimu awiriwa anakumana mu ndime ya matimu anayi ya Champions League. Masewero oyamba, Milan ili pakhomo, anathera 0 kwa 0. Achibwereza, Inter ili pakhomo, anathera 1 kwa 1: Andriy Shevchenko anagoletsa, Obafemi Martins n'kubweza. Milan inapitirira chifukwa cha lamulo la chigoli chakoyenda, loti zigoli zikafanana imapambana timu yomwe yagoletsa zambiri koyenda, chonsecho chigolicho inachipeza pa kapinga yemwe imasewerapo nthawi zonse, ndipo inakatenga chikhocho. Kwa ine palibenso nkhani ina imene inaonetsa poyera kupusa kwa lamulo limeneli kuposa iyi, ndipo bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA litalichotsa mu 2021 sindinadandaule. Mu 2005 anakumananso mu Champions League, koma masewero achibwereza sanathe. Masapota a Inter anaponya miyuni yamoto m'bwalo, umodzi unagenda goloboyi wa Milan, Dida, ndipo Milan inapatsidwa chipambano cha 3 kwa 0. Inter inadzabweza chipongwe mu 2023 potulutsa Milan mu ndime yomweyo ya matimu anayi, kenako mu April 2024 inatsimikiza ukatswiri wake wa nambala 20 wa ligi pogonjetsa Milan 2 kwa 1, pa tsiku limene Milan ndiyo inali mwini khomo. Zonsezi zachitika, koma palibe timu imene inalongedza katundu.

Tsono yerekezani ndi ku Munich. Allianz Arena linatsegulidwa mu 2005 lili la matimu awiri, Bayern ndi 1860 Munich, theka ndi theka. Makoma ake ankayaka mofiira Bayern ikamasewera, 1860 ikakhala pakhomo ankayaka mtundu wa buluu, ndipo mipando anaisiya yotuwa kuti pasakhale wodandaula. Sipanathe nthawi, 1860 inagwa m'mavuto a zachuma, ndipo mu 2006 inagulitsa theka lake kwa Bayern pa mtengo wa mayuro 11 miliyoni. Kuchokera apo inasanduka mlendi wa mdani wake, kumapereka ndalama kwa timu yomwe masapota ake amadana nayo kwambiri, kwinaku ikusewera mu ligi yachiwiri m'bwalo limene sinkatha kulidzaza. Anafika pokokerana kukhoti pa nkhani za ndalama. Itatsika ligi mu 2017, 1860 inabwerera kubwalo lake lakale la Grünwalder, ndipo Bayern sinachedwe kufiiritsa mipando. Bayern sindiiimba mlandu kwambiri pankhaniyi, pakuti ndalama zake zinapulumutsa 1860 panthawiyo. Kungoti mgwirizano wa theka ndi theka pakati pa wolemera ndi wosauka unali wophotchoka chiyambire.

Nayo Liverpool, yomwe ambiri mumaikonda, inabadwa pa mkangano wa lendi. Anfield linali bwalo la Everton kuyambira 1884. Mu 1892 Everton inasemphana ndi mwini malowo, John Houlding, n'kusamukira ku Goodison Park. Houlding atatsala ndi bwalo lopanda timu, anangoyambitsa yake.

Funso lanu lomaliza ndilo lili ndi mnofu. Kukhala mlendi wa khonsolo kumabweretsa mtendere, koma sikubweretsa phindu lokwanira. Timu singagulitse dzina la bwalo kwa kampani, singagumule khoma kuti iwonjezere zipinda za anthu olemera popanda chilolezo, ndipo m'mpira wa masiku ano ndalama zili m'zinthu zoterozo. Juventus inazindikira msanga. Itagawana Stadio delle Alpi ndi Torino kuyambira 1990 mpaka 2006, inamanga lake pamalo omwewo n'kulitsegula mu 2011, laling'ono koma lakelake, ndipo kuyambira chaka chimenecho inatenga ligi kasanu ndi kanayi motsatizana. Bwalo palokha silinagoletse zigoli, koma a ku Milan anaona kumene mnzawo akupezera ndalama.

Milan ndi Inter zinayesapo kufufuza malo, iliyonse payokha, kunja kwa mzinda. Mapeto ake zinabwererana, chifukwa kumanga bwalo la anthu oposa 70,000 kumadya ndalama zoti timu imodzi singasenze mosavuta, pomwe masewero a ligi apakhomo ndi 19 okha pachaka. Mu 2025 khonsolo inavomera kuwagulitsa San Siro ndi malo ozungulira pa mtengo wa mayuro pafupifupi 197 miliyoni, kuti amange latsopano pambali pake, la onse awiri. Apa ndiye kuti akulowa m'njira ya ku Munich ija, ya theka ndi theka, khonsolo itachokapo pakati. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ndi ofanana msinkhu, ndipo ndikuona kuti zidzayenda malinga ngati onse apitiriza kupeza ndalama mofanana. Koma tsiku limene ina idzalephere kusonkha gawo lake la ngongole, wogula theka lakelo woyamba kuonekera adzakhala mnzakeyo.