Ndimaphika bwino koma makasitomala sabweranso

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene ali ndi kalesitilanti ku Limbe. Akuti: "Nsima ya chambo, nkhuku ya lokolo, mpunga wa Kilombero, zonse ndimaphika bwino koma munthu akadya kamodzi sabweranso. Ndili ndi atsikana awiri operekera chakudya. Kodi nditsitse mitengo?"

Mayi, mitengo musaigwire kaye, ndi mmene mafuta ophikira ndi makala zadulilamu mukatsitsa muzingogwira ntchito yaulere. Tsiku limodzi tulukani kukhitchini cha m'ma 12 koloko, mukhale pakona muone zimene zimachitika patebulo, nthawi zambiri ndalama zimathawira pamenepo.

Munthu wa muofesi amakhala ndi ola limodzi basi la lanchi. Walowa, wakhala, palibe womulonjera chifukwa mtsikana ali pa WhatsApp, kenako waitanitsa chambo, wadikira mphindi 15 ndiye akumuuza kuti chatha. Ameneyo mawa apita kwa neba wanu ngakhale msuzi wake uli wamadzimadzi. Ndiye auzeni atsikanawo, kasitomala akangolowa "takulandirani bwana, khalani apa", anene zomwe zilipo ndi zomwe zatha asanafunsidwe n'komwe. Foni izikhala mu dirowa mpaka 2 koloko.

Oda azilemba, asamadalire mutu, ndipo azibwereza mokweza: "nsima ziwiri, nkhuku imodzi, chambo chimodzi, eti?" Mugule kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni, pepala lina lipite kukhitchini lina litsale, madzulo muwerenge mbale zomwe zatuluka ndi ndalama zomwe zili m'kabati. Mbale iliyonse yobwezedwa chifukwa cha oda yolakwika ndi mpamba wanu umenewo.

Pa ukhondo pokha ndimalimbikira kwambiri. Madzi osamba m'manja akhale ofunda, mu jagi, ndi sopo, ayambire akuluakulu ndipo beseni lisazungulire tebulo lachiwiri ndi madzi akuda. Chala chachikulu chisalowe mu ndiwo ponyamula mbale, tambula azigwira m'munsi osati pomwera, popereka manja awiri monga tinaleredwera. Kansalu kopukutira tebulo kasakhale komweko kopukutira thukuta, anthu amaona, sanena kanthu koma amaona.

Aphunzitseninso kufunsa kuti "chakumwa tibweretse chani?" m'malo modikira kasitomala akumbuke yekha, botolo limodzi pa munthu aliyense pakutha pa mwezi ndi ndalama yooneka. Chenji mukonzeretu m'mawa, nambala ya Airtel Money ndi Mpamba ikhale pakhoma poonekera, munthu wakhuta asaimirire kudikira K500 yake.

Za sukulu, Malawi Institute of Tourism ku Blantyre konko imaphunzitsa ntchito imeneyi, koma poyambira inuyo khalani patebulo ngati kasitomala m'mawa anthu asanabwere, akulandireni, akusambitseni m'manja, akupatseni lisiti, mukonze pomwe alakwitsa popanda kuwakalipira pamaso pa anthu. Ndipo iwowo azidya isanakwane 11 koloko, malipiro awo azilandira tsiku lomwe munagwirizana. Pakatha masabata awiri mundilemberenso kuti mbale zikutuluka zingati patsiku.