Akuti umishonale ndi wa azungu

Achimwene ena a ku Chinamwali, amene angomaliza kumene maphunziro a unamwino, anditumizira imelo. Akuti mtima ukuwakoka kupita kunja kwa anthu amene sanamvepo za Yesu, koma kwawo awayankha kuti umishonale ndi wa azungu, mmphawi angapite ndi chiyani? Akufunsa ngati amvere makolo kapena mtima.

Achimwene, kalata yanu yandikhudza pachilonda, chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa. Ndili mnyamata wa kwaya, kumpingo kwathu kunabwera mlaliki amene anatiuza za Amwani, asodzi a m'mbali mwa nyanja ya mchere kumpoto kwa Mozambique, kumene munthu amatha kubadwa mpaka kukalamba osakumanapo ndi Mkhristu wolankhula chinenero chake. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Patapita masabata ndinalimba mtima n'kukaonekera kwa akulu a mpingo. Anandilandira bwino ndithu, pakhonde la tchalitchi. Nditamaliza kufotokoza, mkulu wina anavula magalasi, nawapukuta ndi taye yake, n'kuloza kumwamba. "Mwana wanga, denga ili likudontha. Tisiye kudonthedwa kuno, tizikutumiza kwa eni?" Anandipempherera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malata tinagula. Kenako tinasonkhera matailosi, kenako zokuzira mawu, kenako mpanda. Pepa sande iliyonse inali ndi mutu wake, koma sindinamvepo ngakhale imodzi yosonkhera munthu woti atumidwe. Ine ndinalowa uphunzitsi, ndinakwatira, ndipo ana amene ndawaphunzitsa ndimawanyadira. Komabe Amwani aja sanachoke mumtima mwanga mpaka lero.

Tsono zoti umishonale ndi wa azungu, ndikukana kwamtuwagalu. Muno mu Zomba momwe muli koleji ya Anglican yotchedwa Leonard Kamungu. Ndi angati amadziwa mwini dzinalo? Kamungu anali wa ku Chia, ku Nkhotakota. Anadzozedwa unsembe mu 1909, nasiya kwawo kupita ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anamwalirira komweko mu 1913. David Kaunda anatumidwa kuchokera ku Livingstonia kupita kwa Abemba ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Lewis Bandawe anakagwira ntchito pakati pa Alomwe ku Mozambique, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Ngakhale kwa Angoni a M'mbelwa, amene anatsegula njira ndi munthu wakuda, William Koyi, Mxhosa wochokera ku mishoni ya Lovedale ku South Africa, yemwe anafika kuno mu 1876 n'kugona ku Njuyu mu 1886. Anthu amenewa analibe galimoto, analibe akaunti kubanki. Agogo athu anali osauka kuposa ife, koma ankatuma. Vuto lathu si umphawi ayi. Mipingo yathu inazolowera kulandira, ndipo yaiwala kuti nayonso ili ndi ngongole.

Pali china chimene chimandinyansa. Munthu akapita ku Johannesburg, n'kutsegula tchalitchi m'galaja, kumalalikira Amalawi anzake m'Chichewa, timamutcha mmishonale wakunja. Ntchitoyo ndi yabwino, abale athu ku Joni akufunikadi abusa, koma si imene mukufunsayi. Akatswiri a za umishonale, monga a Joshua Project, amati mtundu sunafikiridwe ngati okhulupirira achievanjeliko sapitirira awiri pa anthu 100 alionse ndipo onse odzitcha Akhristu sapitirira asanu pa 100, kutanthauza kuti palibe mpingo wa eni nthaka wotha kulalikira anthu ake pawokha. Mitundu yambiri yotere ili kumpoto kwa Africa, ku Middle East ndi ku Asia. Kumeneko simukaimika zokuzira mawu pamsika ngati timachitira kuno. M'maiko ena kusiya chipembedzo cha makolo ndi mlandu, ndipo amene amavutika kwambiri ndi wotembenukayo, osati mlendo amene ali ndi pasipoti yothawira.

Ndiponso wopita ndi mtima wonyoza asapite. Ine nsomba ndimagula kwa mayi wina wa Chisilamu ku Songani. Mwana wanga atadwala, mayi ameneyu anabwera kunyumba ndi matemba a ku Chilwa atakulunga m'nyuzipepala, nakana ndalama. Munthu wotere sungamuone ngati nambala ya pa lipoti. Ndimalakalaka atadziwa Yesu, ndipo ndinamuuzapo, iye anandimvetsera mwaulemu n'kukhalabe Msilamu. Tikadali mabwenzi. Ngati simungapirire zimenezi kwa zaka osakwiya, kunja kukakusweni.

Nanga mupite?

Pitani, koma osati mawa, ndipo osati nokha. Mutu umodzi susenza denga. Unamwino wanuwo musautaye, chifukwa maiko ambiri amene sapereka chilolezo kwa mlaliki amalandira namwino, ndipo mukagwiredi ntchitoyo moona, osati ngati chophimbira. Yambani mwagwira ntchito kuno. Phunzirani Chiyao kwa anansi a ku Domasi kapena ku Machinga, muone ngati lilime lanu limapindika komanso ngati mumatha kukhala mlendo. Kambani ndi abusa anu, mufunsenso mabungwe otuma anthu monga SIM, amene ali muno m'Malawi. Kwa Amwani kuja dziwani kuti ku Cabo Delgado, chigawo chimene iwo amakhala, kwakhala kuli nkhondo kuyambira 2017, choncho si kolowa mwachisawawa.

Makolo musakangane nawo. Mantha awo ndi enieni: anakulipirirani fizi, ndipo pali azing'ono anu amene akuyang'ana kwa inu. Pitani ndi amalume, mukhale pansi, muwauze bwinobwino amene azithandiza pakhomo inu mukachoka. Ndipo akulu a mpingo wanu akakulozerani denga, mundilembere. Ndibwera tikalankhule nawo limodzi.