Kukwera Table Mountain wapansi

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wosazolowera mapiri angakwere Table Mountain wapansi ku Cape Town. Angathe ndithu, koma dzerani njira ya Platteklip Gorge yoyambira pa Tafelberg Road. Siisocheretsa, koma ndi chikweza chokhachokha cha masitepe a miyala, ndipo imatenga maola awiri kapena atatu.

Nyamukani m'bandakucha, makamaka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, chifukwa mbali imeneyi imayang'ana kumpoto, dzuwa limaswa mtengo ndipo mthunzi ndi wochepa. Aliyense atenge madzi malita awiri, chipewa, nsapato zogwira bwino pamwala ndi jekete. Kutentha kwa m'munsi kusakunyengeni. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba, mtambo umakuta pamwamba pa phirilo m'kanthawi kochepa, kumazizira zedi, ndipo simuona patali. Apa ndi pamene anthu amataya njira n'kuyandikira maphompho.

Ambiri amalakwitsa podalira cable car (ngolo yoyenda pa chingwe m'malere yomwe imakweza ndi kutsitsa anthu paphirilo) pobwerera. Imatsekedwa mphepo ikakula, choncho sungani mphamvu ndi nthawi yotsikira wapansi, popeza kutsika kumapweteka maondo kuposa kukwera. Musapite nokha, ndipo foni ikhale yodzaza moto.