Achimwene a ku Area 49 ndi kang'azi kawo ka m'ndowa

Imelo yanu, achimwene, ndaiwerenga katatu. Mwati ana anu atola kamwana ka ng'azi m'ngalande chakufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, pano kali m'ndowa yovundikira ndi sefa, ndipo mukufuna kudziwa mamangidwe a khola lake. Funso lake ndi lalifupi, koma landitosa pachilonda. Mundipirire, ndiyamba ndi chilondacho.

Ine ndinawetapo ng'azi. Nthawi imeneyo ndisanakwatire, ndikuchita lendi kachipinda ku Area 25. Tinapita ndi anzanga ku Senga Bay, n'kukwera bwato kukaona kachilumba kaja amati Lizard Island, kumene ng'azi zimangoti yandaa pamiyala ngati mafumu a pamalopo. Pobwerera, kamnyamata kena kanandionetsa kamwana ka ng'azi m'chigubu chodula kukamwa. Kakuda bii, kamawanga achikasu, kalilime kamphanda kakungotuluka n'kulowa. Kutalika kwake sikanapose rula ya kusukulu. Ndinapereka ndalama ya mbale imodzi ya chipisi, m'minibasi chigubucho chili pamiyendo mpaka ku depoti. Ndinakatcha Kapitawo, chifukwa kankandiyang'ana ngati ndafika mochedwa kuntchito.

Kapitawo ndinkamukonda, zimenezo wina asanditsutse. Ndinamugulira bokosi lagalasi n'kuliika pawindo kuti aziwothera dzuwa. Chakudya ndinkamupatsa chimene ine ndinkachiona chapamwamba: mnofu wa ng'ombe wopanda kafupa n'komwe, chiwindi, mwezi ukatha ndiye soseji. Mwini wakene ndikudyera bonya, iye za kubutchala. Itakwana miyezi 8 ndinaona kuti miyendo yakumbuyo wayamba kuikoka, ndipo chibwano chake ukachigwira chinkafewa ngati labala. Mnzanga wina amene anaphunzira za ziweto ku Bunda anabwera, anamutembenuza kamodzi kokha, n'kundifunsa kuti, "Aise, nyama iyi kumtsinje imadya nkhanu ndi chigoba chake chomwe, nkhono, chule ndi mafupa ake. Iwe ukuipatsa mnofu wokhawokha, mafupa ake iwamanga ndi chiyani?" Ndiye anandifotokozera kuti mnofu ndi chiwindi zili ndi calcium wochepa kwambiri, komanso kuti thupi la buluzi limafuna kuwala kwa dzuwa kotchedwa UVB kuti lipange vitamini D3, amene amathandiza calcium kulowa m'mafupa. Kuwala kumeneko sikudutsa pagalasi. Miyezi yonse ija ndinkati Kapitawo akuwothera dzuwa, iye ankangotenthedwa chabe.

Ndinamutulutsa panja. Ndinakhoma kakhola ka matabwa ndi waya wa nkhuku kuseri kwa bafa, n'kukwirira beseni pansi kuti likhale dziwe. Ndinayamba kumusakira ziwala, nkhono za m'munda, matemba athunthu, mbewa. Anachira ndithu, ngakhale chibwano chinatsala chopotoka pang'ono. Atachira m'pamene ndinamudziwa bwino.

Chaka chachiwiri chisanathe anali atapitirira mita. Ndikayandikira ankadzitukumula pakhosi, kufwenthera ngati tayala likuphwa, kenako mchira uja thwa! pamsongolo. Amene sanakwapulidwepo ndi mchira wa ng'azi amaona ngati n'zocheza. Tsiku lina ndikutsuka beseni anandiluma chala chachikulu, ndipo ng'azi ikaluma sithamangira kutaya, imangokanirira, uku zikhadabo zikukupalasa pamkono. Chipsera chake ndichi ndikuchiona pano ndikulemba. Waya wa nkhuku uja anaung'amba ngati thumba la shuga. Kawiri konse anatuluka, ndipo ulendo wachiwiri anakamupeza m'khola la mayi eni nyumba atameza mazira onse a thadzi limene linkafungatira, anapiye awiri n'kuwonjezerapo. Ndinalipira, ndinapepesa chogwada. Koma ndalama sizinatseke pakamwa pa anthu. Pamjigo nkhani inali yoti mnyamata wa kuseri uja akuweta chinthu, ndipo inu mukudziwa kuti kwathu kuno akati "akuweta chinthu" sakunena za chiweto. Mayi wina amene ankandipatsa moni tsiku lililonse anayamba kukoka mwana wake ndikamadutsa. Izi musazichepetse, achimwene. M'maloko mwathumu mbiri ya ufiti imamata kuposa phula, ndipo ana anu ndi amene azikaimva kusukulu.

Ndikudziwa chimene chakukopani, chifukwa mwatchula mavidiyo a pa YouTube. Mzungu wakhala pasofa, chibuluzi chachikulu chatsamira pamiyendo pake ngati mphaka. Zambiri mwa zimenezo si ng'azi yathu ayi. Zina ndi msuweni wake wa ku Asia, Varanus salvator, amene amakula kuposa yathu koma odziwa kuweta amati amazolowera anthu msanga. Yathuyi ndi Varanus niloticus, ndipo ngakhale kunjako ili ndi mbiri ya ukali. Imatha kufika mamita 2, ndipo ikasamalidwa imakhala zaka zoposa 10, ina mpaka 20. Ku America anthu ankagula tiana take m'masitolo chifukwa cha kukongola, tikakula n'kuyamba kuluma ankakatitaya kumadzi. Mu mzinda wa Cape Coral ku Florida ng'azi za ku Africa zakhala zikuswana m'ngalande kuyambira cha m'ma 1990, ndipo mu 2021 boma la Florida linaziika pamndandanda wa nyama zoletsedwa kuweta. Amenewo ndi anthu a ndalama zawo, magetsi osazima, madokotala a abuluzi ali pakona. Ife tingayerekeze?

Ndinene mosapsatira: ng'azi si chiweto. Galu amakufuna, mphaka amakufuna akamva njala, koma ng'azi ngakhale uidyetse zaka zisanu, chimene ungapeze n'chakuti yasiya kukuopa. Basi. Ndipo amene amati akuiweta chifukwa choikonda, ambiri akukonda kuonedwa nayo pa Facebook. Ine ndinali mmodzi wa iwo, kungoti nthawi imeneyo ndinkaonetsa anzanga obwera kudzacheza Loweruka.

Kapitawo anafa mu July. Lilongwe ili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zikuluzikulu, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Ng'azi ya kutchire nyengo imeneyi imalowa kuuna kapena m'mphako n'kukhala phee, kutuluka dzuwa likakwera. Wanga analibe una, chifukwa pansi ndinali nditawaka simenti kuti asakumbe. Anali ndi beseni la madzi ozizira ndi katoni. Babu limene ndinamuikira linkayaka magetsi akakhalapo, ndipo sabata imeneyo ankazima usiku uliwonse. Anasiya kudya, kukamwa kunayamba kutuluka thovu, akupuma chotsegula pakamwa. M'mawa wina ndinamupeza theka la thupi lili m'beseni, wauma gwa. Ndinamukwirira patsinde pa papaya anthu asanadzuke, kuopa kuti akandiona ndi khasu nkhani ija ikula.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nyama imeneyi ikakhala kwawo ndi yochenjera modabwitsa. Nthawi ya mvula, dothi likafewa, yaikazi imakumba chulu chimene muli chiswe chamoyo, n'kuikiramo mazira, nthawi zina mpaka 60, n'kuchoka. Chiswe chimamata chibowo chija, ndiye mazirawo amakhala m'kati motentha ndi mwachinyontho kwa miyezi yambiri popanda wowafungatira. Tiana tikaswa timadzikumbira tokha potulukira. Kanu ka m'ndowako mwina kanatuluka m'chulu china cha m'mbali mwa Lingadzi masabata apitawa. Kakakula kazidzafukula mazira a ng'ona, kukwera mitengo, kumira m'madzi mphindi zambirimbiri mphuno zitatsekeka. Nyama yotere ine ndinaipatsa beseni.

Palinso boma. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola munthu kungotola nyama yotetezedwa kutchire n'kuisunga popanda chilolezo, ndipo malonda a ng'azi pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Ine ndinachita mwaumbuli, inu musatero. Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, kafunseni ku Dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Mwinanso pitani ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi momwemo, kumene ntchito yawo ndi kulandira nyama zopulumutsidwa ndi kubwezera kutchire zimene zingathe kubwerera.

Za khola tsopano

Ngati mwapeza chilolezo ndipo mtima wakanabe, mangirani ng'azi ya mamita 2, osati kamwana mukukaonako. Ine ndingati mamita 4 m'litali, 2 m'lifupi, 2 kupita m'mwamba, ndipo kumeneko n'kuchepetsa. Khoma la njerwa lopaka pulasitala wosalala kuti zikhadabo zisagwire, maziko olowa pansi pafupifupi mita chifukwa imakumba, koma m'kati musiyemo dothi lakuya losakaniza ndi mchenga kuti idzikumbire una. Pamwamba potseka ndi waya wochindikala wowotcherera pazitsulo. Amisiri a ku Mchesi akhoza kukupangirani. Mbali ina ya denga ikhale ya malata kuti pakhale mthunzi, ina yawaya kuti dzuwa lenileni lizilowa. Zitseko ziwiri zotsatizana, chakunja chaloko, kiyi m'thumba mwanu osati mwa ana.

Dziwe lasimenti loti imire thupi lonse n'kutembenuka, lokhala ndi paipi yotulutsira madzi pansi, chifukwa ng'azi imachita chimbudzi m'madzi momwemo ndipo muzisintha pafupipafupi. Ganizirani bilu yake, ndi masiku aja mpopi umangotulutsa mpweya. Pakhale mwala waukulu kapena chipika powothera, pamene pamatentha mpaka madigiri 45 kapena 50 pamwamba pake. Pakhalenso kabokosi kogona kotchingidwa bwino, kotenthetsedwa m'miyezi yozizira, ndi batire kapena sola yoti igwire magetsi akazima. Pamenepa m'pamene ine ndinagwera.

Chakudya chikhale chathunthu ndi mafupa ake: ziwala, mphemvu zoweta nokha osati zopopera mankhwala, nkhanu, nkhono, nsomba zosathira mchere. Kamwana kadye pafupifupi tsiku lililonse, yaikulu kawiri kapena katatu pasabata, mbewa ndi mazira mwa apo ndi apo chifukwa ya m'khola imanenepa msanga. Muzipatsira ndi chopanira chachitali, osati zala.

Ndipo ana aja amene akhala akupisa manja m'ndowa, asambe ndi sopo lero lomwe. Abuluzi amanyamula tizilombo ta Salmonella m'matumbo iwo osadwala, koma mwana wamng'ono timamutsegula m'mimba koopsa. Sefayo isabwererenso kukhitchini. Usiku uno ndowayo muilowetse m'nyumba pamalo ofunda, madzi akhale ochepa oti kakhoza kutulutsa mutu, muikemo kansalu kobisalamo, pamwamba mutsindike ndi njerwa. Akanakhala ine, mawa m'mawa ndikanatenga anawo ndi ndowa yawo, ulendo wa ku Lingadzi, akaone okha mmene kamasambira.