Kodi kumwetsa mwana mankhwala a mtima ndi kuchepa chikhulupiriro?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, muno mu Joni. Mwana wawo wa miyezi 7 anamupeza ndi bowo mu mtima, ndipo akumwa mankhwala podikira opaleshoni. Apongozi awo kumudzi sakugona, akungoimba foni kuti mwana apite kwa mneneri, ndipo mneneriyo wanena kale kuti mankhwala asiyidwe chifukwa Mulungu sagawana ulemerero wake ndi botolo. Funso lawo ndi lakuti: "Ndikapitiriza kumumwetsa, ndiye kuti sindikhulupirira Mulungu?"

Mayi, musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Koma funso lanuli landikhudza pabala, ndiye mundilole ndilankhule zambiri.

Wanga wachiwiri, mtsikana, anabadwira konkuno ku Joni. Tinatuluka naye m'chipatala akuoneka bwinobwino, ndipo zithunzi tinatumiza kumudzi anthu n'kululutira. Patapita masabata ndinayamba kuona kuti akalira kwambiri, kapena akayamwa motalikitsa, milomo ndi lilime zimachita bii, tizikhadabo nato chimodzimodzi. Anzanga pa yadi ankati ndi kuzizira, ndizimufunditsa. Namwino wa ku kiliniki ndiye anamvetsera pachifuwa n'kukhala chete nthawi yaitali, kenako n'kulemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumuunika ndi makina aja amati echo. Ine ndinamugwira timanja kuti asagwedezeke, maso anga ali pa sikirini imene sindinkaimvetsa n'komwe. Dokotala anatenga pepala n'kujambula. Anati mtima uli ngati nyumba ya zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi. Mwa mwana wanga, khoma la pakati pa zipinda zapansi linali ndi bowo, komanso njira yopititsa magazi kumapapo inali yopapatiza, choncho magazi ena ankazungulira m'thupi asanakatenge mpweya. Matendawa dzina lake ndi Tetralogy of Fallot, potengera dokotala wa ku France amene anawafotokoza mu 1888. Anandiuzanso kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto lina lake la mtima, lalikulu kapena laling'ono. Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa momwe dokotalayo ankaganizira, chifukwa kufikira nthawi imeneyo ndinkaona ngati tasankhidwa ife tokha.

Matenda sanandilize ngati mmene anandilizira anthu. Wina anandikokera pambali titaweruka ku tchalitchi n'kundifunsa ngati pali tchimo limene ine ndi bambo a ana sitinaulule. Wina anati ndi anthu akumudzi, akuchita nsanje poti tinamanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni. Wachitatu anandipatsa nambala ya munthu wa Mulungu wogulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, mtengo wake wokwana chakudya cha sabata yathunthu. Onsewa ankandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma aliyense ankandisiyira katundu yemweyo, wakuti mwana akudwala chifukwa cha ine, ndipo akapanda kuchira ndiye kuti ine ndalephera kupemphera.

Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wosaona chibadwire n'kufunsa Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anayankha kuti sanachimwe iye ngakhale makolo ake. Funso lomwelo limene Ambuye analitseka kalekale, ife tikulitsegulabe pa makomo a matchalitchi athu, tikulifunsa mayi amene sanagone usiku wonse. Ndikunena mosabisa: kumeneko ndi nkhanza, ngakhale zitavala jekete ya utumiki. Ndipo munthu amene angauze mayi kuti ataye mankhwala a mwana wodwala mtima kuti asonyeze chikhulupiriro, ameneyo akuyesa Mulungu ndi moyo wa mwana wa eni. Zikavuta iye sadzakhalapo. Adzati mayi anakayika, n'kupita kukapempherera wina.

Satana atamutengera Yesu pamwamba pa Kachisi anamuuza kuti adziponye pansi, angelo amuwakha, ndipo anatchula ndi Malemba omwe. Yesu anakana. Hezekiya atadwala, Mulungu anamuwonjezera zaka 15, koma Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Paulo anamuuza Timoteyo kuti asamangomwa madzi okha chifukwa cha m'mimba mwake, ndipo Luka anamutchula sing'anga wokondedwa, osamuuza kuti asiye ntchitoyo. Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, yankho n'kukhala lakuti chisomo chikukwanira. Kodi Paulo anali wochepa chikhulupiriro?

Usiku wina wa mu June, magetsi atathima, mwana anadzuka akulira, kenako kulira kunasanduka kupuma mothamanga, thupi lonse n'kuda. Ku chipatala anali atandiphunzitsa chochita: kumunyamula, kupinda miyendo yake mpaka mawondo akhudze pachifuwa, n'kumutonthoza. Ndinachita zimenezo bambo ake akuwunikira ndi tochi ya foni, kwinaku akuimbira mnzathu wa galimoto. Pemphero langa usiku umenewo linali la bambo uja wa pa Marko 9, amene anati akukhulupirira koma athandizidwe kusakhulupirira kwake. Ndinkalinena mobwerezabwereza, manja anga ali pa mawondo a mwana. Sindinasiye kupinda miyendo kuti ndipemphere bwino, ndipo sindinasiye kupemphera kuti ndipinde bwino. Pang'onopang'ono milomo inayamba kubwerera. Tinapitabe naye ku chipatala usiku womwewo.

Pena ndimaganiza za ana amene anabadwa ndi matendawa kale. Mpaka cha m'ma 1940 panalibe chochita, ambiri ankamwalira ali aang'ono. Mu 1944 ku Johns Hopkins, ku America, anapanga opaleshoni yoyamba yothandiza ana otere. Mayina amene anatchuka ndi a Alfred Blalock ndi Helen Taussig, koma munthu amene anaiyeserera njirayo mpaka kuidziwa, n'kuima kumbuyo kwa dokotala kumulangiza pa tsikulo, anali Vivien Thomas, munthu wakuda amene analibe pepala la udokotala chifukwa ndalama za sukulu zinamuthera. Ndani anaika nzeru m'manja mwa munthu ameneyo? Ndipo dziko lino la South Africa tikukhalali ndi limene Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa munthu wina koyamba padziko lonse, pa 3 December 1967 ku Groote Schuur ku Cape Town. Kwathu ana ambiri ofunika opaleshoni ya mtima amadikira mwayi wotumizidwa kunja, kawirikawiri ku India. Ife tili pamalo pamene madokotala ake alipo, ulendo wa takisi imodzi kapena ziwiri. Ine ndimaona dzanja la Mulungu pamenepo, ndipo sindikanatha kumuthokoza potembenukira kumbali.

Pali nkhani ya maumboni imene imasokoneza ambiri. Mudzamva mayi akuimirira kutsogolo kunena kuti mwana wake anali ndi bowo mu mtima, anamupempherera, bowo linatsekeka. N'kutheka ndithu akunena zoona, ndipo ine ndimayankha nawo ameni. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula, umo ndi mmene Mulungu analengera thupi. Koma akuluakulu kawirikawiri satero, ndipo amene amadziwa kukula kwa bowo la mwana wanu ndi amene anamuunika. Bowo likakhala lalikulu, magazi ochuluka amathamangira kumapapo, mwana amapuma mofulumira, amatuluka thukuta kamukamu poyamwa, ndipo sikelo yake siikwera. Mankhwala ngati furosemide, amene ambiri timangoti Lasix, amachotsa madzi owonjezerawo kudzera mu mkodzo kuti mtima upepukidwe. Mukawasiya, madzi aja amabwerera. Bowo lalikulu likakhalitsa osakonzedwa, mitsempha ya m'mapapo imawonongeka mpaka kufika poti opaleshoni siingathandizenso. Ngati mukukhulupirira kuti mwana wachira, palibe choopa: pitani naye akamuunikenso. Akhate aja Yesu anawatumiza kwa ansembe kuti akawaone.

Ndime imene yandigwira zaka zonsezi ndi ya mwana wa Yairo. Yesu atamuukitsa, nyumba yonse ili kukamwa yasa, chimene ananena n'chakuti amupatse chakudya. Kulera mwana wa mtima kwambiri ndi kumeneko. Ndi kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi chifukwa amatopa msanga. Ndi jakisoni wopanda singano uja woyezera mankhwala, kumuyang'anitsitsa pa kuwala kuti mzere wa mamililita ukhale pomwepo, kudontheza pambali pa tsaya kuti asatsamwe, kumutsuka ndi kumuyanika. Ndi alamu ya pa foni yolira mbandakucha usanakakwere takisi ya ku ntchito, ndi kupempha abwana tsiku la ku chipatala mtima uli phaphapha kuti angakuchotse. Mayi wina wachikulire wa Mvano ankabwera Loweruka, osalalikira chilichonse, kungotenga beseni n'kuchapa matewera, kenako kupemphera mwachidule n'kumapita. Pa anthu onse amene anandiyendera, ameneyo ndiye anandisonyeza Khristu.

Opaleshoni inachitika, ndipo lero mtsikana wanga ali ku sukulu. Ali ndi chipsera chachitali pakati pa chifuwa, ndipo adzakhala akuonana ndi dokotala wa mtima moyo wake wonse, poti mtima wokonzedwa umafunika kuuyang'anira. Apa pamabwera mayesero ena amene palibe amakuchenjeza: kuopa kumudzudzula. Akalira umakumbukira milomo yakuda ija, ndiye umangomupatsa chilichonse. Koma mwana wa mtima ndi mwana basi, amanama, amalanda za mnzake, amakana kutsuka mbale. Pakhomo pathu amasesa ngati mkulu wake, ndipo akalakwa amapepesa. Mkulu wakeyonso musamuiwale ngati muli naye. Ana athanzi m'nyumba ya matenda amaphunzira kukhala chete, ndipo ife timayesa ali bwino.

Tsiku lina tikusamba anandifunsa chifukwa chimene Mulungu anamupatsira mtima wobooka. Ndinamuuza kuti chifukwa chake sindinauzidwe, koma Mulungu yemweyo anali naye m'chipinda cha opaleshoni mmene ine sanandilole kulowa. Sindinamuuze kuti ndi wapadera kuposa ana ena, kapena kuti ayenera kudzakhala m'busa pobweza ngongole. Ana amenewa tisawasenzetse umboni wathu. Ndipo azibambo, ndikudziwa ena mumawerenga kuno: kulipira lendi n'kofunika, koma dziwaninso dzina la mankhwala ndi muyezo wake. Tsiku limene mayi adzadwale, mwana asadzadumphe mankhwala chifukwa bambo sadziwa botolo lake ndi liti.

Za mapepala ndi chipatala

Ambiri a ife timaopa chipatala chifukwa cha mapepala, ndipo aneneri ena amadyera pa mantha omwewo. Inenso ndinakumanapo ndi kalaliki wa pawindo amene anandilankhula ngati si munthu atangoona pasipoti. Koma malamulo aakulu a dziko lino (Constitution), pa gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo gawo 28 limapatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo chofunikira cha zaumoyo. Mu April 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Madokotala a mtima wa ana alipo ku Charlotte Maxeke, ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ndi ku Nelson Mandela Children's Hospital ku Parktown, ndipo njira yake ndi kalata yochokera ku kiliniki kapena chipatala chanu.

Zina ndingozitchula mwachangu. Buku la mwana la Road to Health, makalata onse ndi zotsatira za echo zikhale m'chikwama chimodzi, ndipo muzijambule pa foni. Katemera asadumphe. Joni ndi yokwera, mamita oposa 1,700, ndipo chifuwa cha mu June ndi July chimawagwetsa ana amenewa, choncho mbaula ndi chitofu cha parafini zisayake m'chipinda chotseka mmene mwana wagona, ndipo wa chimfine asamupsompsone. Mano akamera muziwatsuka, chifukwa tizilombo ta m'mano owola timatha kukafika ku mtima. Akamapuma mobanika, akakana kuyamwa, akada milomo, kapena akamasanza ndi kutsegula m'mimba ali pa Lasix, thamangani naye, muzipemphera muli m'njira.

Za apongozi, musalimbane nawo pa foni, nawonso ndi mantha a mdzukulu. Amene ayenera kulankhula nawo ndi mwana wawo, bambo a kunyumba kwanuwo, osati inu. Awauze mwaulemu kuti mapemphero tikuwafuna kwambiri koma mankhwala sitisiya, ndipo awapatse ntchito: awauze maola amene mwana amamwa mankhwala kuti nthawi imeneyo iwo azigwada kumudziko. Abusa anu kapena akulu a mpingo aitaneni adzamupempherere ndi kumudzoza mafuta monga Yakobo 5 akunenera, palibe cholakwika, bola asakhudze botolo. Tsiku la opaleshoni likadziwika mundilembere. Mutenge juzi yochindikala ndi chaja ya foni, m'makonde odikiriramo mumazizira ndipo maola ake ndi ambiri.